Tsiku limene amayi anatiyendetsa m'thengo la ku Kuti

Mzime wa m'nyumba muno ndi wamkazi, ali ndi zaka 6. Tsiku lina madzulo, sukulu zitatsala pang'ono kutsekera, anandipeza ndikukupiza mbaula pakhonde n'kunditambasulira kope lake. Anali atajambula mbidzi, mizere yake yokhotakhota ngati ya pachitenje. Nditamuyamikira anandifunsa kuti, "Amama, kodi mbidzi zimakhala dziko liti?"

Ndinamuuza kuti zili konkuno ku Malawi, ndipo zina zili m'boma lathu lomwe lino la Salima. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Kwa iye mbidzi inali nyama ya pa TV, ya kumaiko akutali. Kenako anaponya funso lachiwiri, limene linandikhala pamtima usiku wonse: "Inuyo munaziona?"

Ndinali ndisanazionepo. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo kwa zaka 14 ndakhala ndikuima kutsogolo kwa ana kuwauza za kusamala zachilengedwe, kuwalembetsa mayina a malo osungirako nyama: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe, Majete, Vwaza, Nkhotakota, Mwabvi. Koma ku Kuti, malo osungirako nyama amene ali pafupi ndi nyumba yanga kuposa ku Senga Bay kumene timakasewera pa Khirisimasi, ndinali ndisanapondeko phazi. Ambirife tinakula ndi maganizo akuti malo oterewa ndi a azungu ndi mabwana a ku Lilongwe, ndipo kuti munthu wamba akalowa m'thengo ndiye kuti akukatola nkhuni kapena kukatchera misampha. Palibe anachita kundikhazika pansi kundiphunzitsa zimenezi. Ndinangokula nazo.

Holide itayamba, amayi anga anabwera kuchokera kwathu kwa Khombedza kudzacheza ndi adzukulu, ntchito zakumunda zitachepa. Ali ndi zaka zopitirira 70 koma khasu sanalisiye. M'tauni sakhalitsa. Pakatha masiku atatu amayamba kusesa posesa kale, n'kumadandaula kuti kaya mbuzi zawo zikutsekeredwa bwino. Nditawauza za ulendo wa ku Kuti anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Iwe, ndalama zakuchulukira? Ukalipire pachipata kuti ukaone tchire? Bwera kumudzi ndidzakuonetse laulere." Anakhala chete kamphindi, kenako ananena motsitsa mawu, "Kaya, poti kumudziko tchire lake lidatha." Anavomera kupita.

Ndinasankha Kuti chifukwa cha msinkhu wa anthu amene ndinali nawo. Kumpoto kwathuku kuli nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, njovu za ku Nkhotakota zitatha ndi opha nyama mozemba mpaka kutsala zosakwana 100. Ndi nkhani yonyaditsa, koma kumene kuli njovu ndi njati sumangoyenda wapansi ndi kamwana ndi nkhalamba. Ku nkhalango ya Thuma nakonso kuli njovu. Kuti ndi malo aang'ono, mahekitala pafupifupi 2,000, otchingidwa ndi mpanda, ndipo mulibe mikango kapena njovu. N'chifukwa chake amalola alendo kuyenda pansi ngakhalenso kupalasa njinga.

Tinanyamuka Loweruka lina chakumapeto kwa Ogasiti, m'mamawa, mwera ukuwomba. Bambo a ana anabwereka galimoto kwa achimwene awo. M'chikwama munali mbatata yophika, nthochi, mtedza wokazinga, thobwa ndi mabotolo anayi a madzi. Amayi anakana nsapato zimene ndinawagulira, anavala zawo za pulasitiki zimene amapitira kutchalitchi, n'kumanga chitenje cholimba m'chiuno. Titalipira pachipata, ndalama imene inali yochepa poyerekeza ndi imene ndinkaopa, anatifotokozera njira zoyenda pansi. Tinasankha yaifupi. Foni ya bambo awo inadzaonetsa pambuyo pake kuti tinayenda makilomita 3 ndi kenakake, mtunda umene munthu wamkulu amaudula osafika ola. Ife unatitengera maola atatu, ndipo anachititsa ndi amayi.

Tisanapite patali anaima pa kamtengo kena kosaoneka bwino, ka masamba okhakhala, kamene ine ndikanangokadutsa. Anaitana ana. "Taonani tsamba ili. Likufanana ndi chiyani?" Mzime anati likufanana ndi phazi la ng'ombe, poti ndi logawikana pakati. "Ameneyu ndi chitimbe," anatero amayi. Anafotokoza kuti ali atsikana, akamachokera kotola nkhuni dzuwa lili paliwombo, ankatafuna masamba ake anthete kuti aphe ludzu, ndipo nyemba zake zoumazo ana ankazitafuna, ng'ombe nazonso zimazikonda. Anayankhula ngati akutidziwitsa kwa mbale wawo amene sitinamuonepo.

Kuchoka apo ulendo unasintha mwini. Ine amene ndinabwera ndi mapu m'manja ndinatsalira m'mbuyo, amayi n'kukhala patsogolo. Anationetsa naphini, wa masamba otuwa ngati awazidwa phulusa, amene amasemera mipini ya makasu. Anationetsa mpoza, n'kuuza ana kuti adzabwerenso nthawi ya mvula adzaone chipatso chake chikapsa. Mthethe anatichenjeza nawo chifukwa cha minga yake yokowa. Pa migwalangwa ing'onoing'ono anafunsa mnyamata wanga ngati akudziwa kumene kumachokera mlaza wolukira zipewa ndi madengu amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Sankadziwa. Ndinene zoona, mwa mitengo imeneyi ine ndikanatha kutchula iwiri yokha.

Pamene anakhalitsa ndi pa mombo. Masamba ake atsopano anali atangoyamba kuphuka, ofiira psuu, ena ngati mkuwa, dzuwa likuwala kudutsa m'menemo. Chimenechi ndi chodabwitsa cha mitengo imeneyi: imaphuka kudakali chilimwe, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, ndipo masambawo amayamba ofiira asanasanduke obiriwira. Amayi anasisita khungwa lake ndi chikhatho. "Luzi lathu ndi ili. Nyumba imene mayi wanuyu adabadwiramo idalibe msomali ngakhale umodzi. Phaso lonse tidamanga ndi luzi la mombo." Kenako analoza pansi, pamasamba ouma. Anati mvula ikagwa, pansi pa mitengo yotereyi ndi pomwe pamamera bowa wabwino, manyame ofiira aja ndi ndelema, ndipo ukadula mitengoyi bowa naye amasamuka. Zimenezi ndinaziwerengapo ku koleji: bowa wamtunduwu amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ya m'gulu la mombo, amapatsana nayo chakudya, n'chifukwa chake sungamulime m'munda. Ine ndinaziloweza kuti ndikhoze mayeso. Amayi anazidziwa chifukwa ndiwo zinasowa pakhomo.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 11, ndipo apa mtima unali utamuthera. "Agogo, ife tabwerera nyama. Mitengo iliponso kunyumba."

Amayi amamutchula kuti amuna awo, monga amachitira agogo kwathu. "Amuna anga, nyamazo zakuonani kalekale. Ndi phokoso mukuchitalo zingaime bwanji? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anawerama n'kutapa kadothi, n'kukasiya kagwe pang'onopang'ono kuchokera m'zala. Fumbi linapita chakumanzere kwathu. Anati bambo awo, amene ankapita ku uzimba, ankatero pofuna kudziwa kumene mphepo ikulowera, chifukwa nyama imamva fungo la munthu isanamuone. Mphepo ikamakuwomba kumaso, uli bwino. Ikamakuwomba kumsana, wadzilengeza wekha. Mnyamatayo anayesa nayenso, ndipo kuyambira pamenepo ankatapa dothi pakona iliyonse.

Kenako anayamba kuwerenga pansi. Pamchenga wa m'kanjirako panali mapazi ambirimbiri amene ife tinkangowaponda. Anationetsa ang'onoang'ono osongoka, ogawikana pakati, n'kunena kuti ndi a gwape. Ena okulirapo anati ndi a nyama ya mtundu womwewo koma yaikulu. Pena panali mizere ya nkhanga, pena pokumbakumba. Atafika pa phazi lina lozungulira, losagawikana, anaima nji. Analiyang'ana kwa nthawi, n'kuyang'ananso ndowe imene inali pafupi. "Ili ndi phazi la bulu," anatero. "Koma muno mungakhale abulu?" Anatembenukira kwa mzime, maso akuwala. "Mnzanga, nyama yako ija yadutsa pano lero lomwe."

Tinayenda chete, ngakhale mzime amene pakamwa pake sipatsekeka. Zoyamba kutulukira zinali njiri, mayi ndi ana ake. Zinali zitagwada ndi miyendo yakutsogolo zikudya, ndipo zitatimva zinathawa michira ili njo m'mwamba, ana athu n'kudzitseka pakamwa kuti kuseka kusamveke. Patsogolo pang'ono gulu la nswala linatiyang'ana makutu ali tcheru, kenako n'kudumpha kulowa m'tchire ngati zilibe kulemera. Mitengo inayamba kutalikirana, kutsogolo kukuoneka udzu wofiirira wa chilimwe.

Anayamba kuziona ndi bambo awo. Sananene kanthu, anangogwira phewa la mnyamata n'kuloza ndi chibwano. Poyamba sindinaone chilichonse koma mithunzi ya mitengo ndi udzu. Kenako mthunzi umodzi unagwedeza mchira. Zinali zisanu ndi imodzi, imodzi ili yaing'ono, ya mizere yofiirira ndi ubweya wonyankhalala kumsana. Zinali pafupi moti tinkamva kuthothoka kwa udzu zikamadya. Yaikulu ina inadzutsa mutu, n'kutiyang'ana, n'kupemerera mpweya m'mphuno, koma sinathawe.

Mzime anandigwira chitenje mwamphamvu. Sanalumphe kapena kukuwa monga ndinkayembekezera. Anangonong'ona mawu amodzi: "Zenizeni." Patapita kanthawi anawonjezera kuti pa chithunzi chake analakwitsa, mizere ya kumatako ndi yaikulu ndipo imapingasa. Ndinamuuza kuti palibe mbidzi ziwiri zofanana mizere, iliyonse ili ndi yake monga zilili zidindo za zala zathu, ndipo anayamba kuzifananiza imodzi imodzi kuti atsimikize yekha.

Koma amene sindidzamuiwala nkhope ndi amayi. Anali atagwira pakamwa ndi dzanja limodzi, lina lili pachifuwa. Ndinali ndisanaganizepo kuti nawonso aka kanali koyamba. Ine ndinkangoti munthu wobadwa kale anaona nyama zonse. Pambuyo pake anandiuza kuti kwathu ali mwana kunali agwape, mbawala, nguluwe zimene zinkawathera chinangwa, afisi, ndipo kambuku ankamveka usiku, koma mbidzi ankangoimva m'nthano. "Mulungu ndi mmisiri," anatero, osachotsa maso. "Ndikadafa ndisadaone." Mibadwo itatu ya anthu a ku Salima tinaima pamenepo tikuona chinthu chimodzi koyamba, pa mtunda woti wa kabaza akhoza kukufikitsa kuchokera pa Kamuzu Road.

Mphalapala tinaiona patali, yamphongo, yakuda bii, pamimba poyera, nyanga zitapindikira kumsana ngati zikwakwa ziwiri. Mnyamata anayamba kunena mokweza kuti ikufanana ndi chilombo chija anachiona pa maliro a mfumu kumudzi. Amayi anamudula ndi diso lokha. "Zimenezo sitikamba panjira." Anangoti chete, koma ndinaona kuti m'mutu mwake zinthu ziwiri zakumana.

Iye yemweyo anatsala pang'ono kutiwonongera tsiku. M'mbali mwa kanjira munali chomera choyanga, nyemba zake zili lendelende, zaubweya wonyezimira ngati veleveti. Anatambasula dzanja. Sindikudziwa kuti amayi liwiro limenelo analitenga kuti, koma anamugwira pamkono asanakhudze. "Chitedze ichi! Ukadalira mpaka ku Salima." Mwanayu dzina la Chitedze ankalidziwa ngati malo a ku Lilongwe basi. Tinamufotokozera kuti ubweya umenewo ukakugwera pakhungu umayabwa ngati moto, ndipo nthawi yachilimwe ngakhale mphepo imauulutsa. Tinadutsa chapatali.

Chapafupi pomwepo ndi pamene panachitika chinthu chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Amayi anaima pa mtengo wina wosatalika kwambiri, wa khungwa long'ambikang'ambika timabokosi ngati msana wa ng'ona, nthambi zake zogwera pansi, zipatso zake zouma zili ziwiriziwiri ngati tinyanga. Anathothola tsamba limodzi, ndipo pothothokapo panatuluka utomoni woyera mbee ngati mkaka. Ana anadikira dzina. Mzime anali atatulutsa kale kope ndi pensulo, poti anali atayamba kulemba mayina onse ndi zilembo zake zopendama.

Dzina silinabwere. Amayi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anazungulira mtengowo. Ananunkhiza tsambalo. "Mtengo uwu ndikuudziwa," anatero. "Udali kuseri kwa khola la abambo anga. Utomoni wakewu anyamata ankatchera nawo mbalame, ukadzicheka ankakupaka pabala. Ndikuudziwa ine." Koma dzina linakana. Ndinawauza kuti asadandaule, aliyense amaiwala. Anandiyang'ana mokhumudwa. "Sikukalamba ayi. Ndi zaka zingati ndisadautchule? Ungatchule bwanji chinthu choti kulibe?"

Mawu amenewa anandilasa. Ndinali ndisanaganizepo kuti mtengo ukatha m'dera, dzina lake limatsala m'kamwa mwa anthu kwa kanthawi kochepa chabe, kenako nalonso limauma. Pamodzi ndi dzinalo pamapita zonse zimene anthu ankadziwa za mtengowo: mankhwala ake, nyengo yake, mwambi wake. Ife aphunzitsi tikamanena za kutha kwa nkhalango timatchula kukokoloka kwa nthaka, kuuma kwa mitsinje ndi kusintha kwa nyengo, ndipo zonsezo n'zoona. Koma sindinaimepo m'kalasi kuuza ana kuti Chichewa chawo chikuphwa limodzi ndi thengo. Mzime anasiya mpata m'kope, n'kujambulapo tinyanga tiwiri.

Tinakapuma pafupi ndi dambo. Bambo awo anafuna kuyala chitenje pansi pa mvunguti chifukwa cha mthunzi wake wabwino, amayi n'kuwaletsa mwaulemu wa apongozi, akuyang'ana kumbali: "Auzeni bambowa ayang'ane kumwamba." Zipatso zake zinali lendelende pa zingwe zazitali, chilichonse cholemera moti chitakugwera pamutu nkhani yake ingakhale ina. Tinasunthira pa mtengo wina. Kumadzi kunali akakowa, ndipo nantchengwa ankayenda m'mphepete akusanthula matope. Amayi anauza ana za chisa chake chachikulu, chimene kwathu mwana saloledwa kuchigumula. Apusi anabwera kudzakhala m'nthambi akuyang'ana nthochi zathu. Mzime anafuna kuwaponyera, ine ndinakana, chifukwa pusi akazolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda, mapeto ake amaluma mwana wa wina. Makoko onse tinabwezera m'chikwama.

Tikumwa thobwa, amayi ankangoyang'ana mtengo wina waukulu umene unagwa kalekale, uli gone pafupi nafe, wouma bwino. Ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo asananene. "Nkhuni zonsezi zingowola? Kwathu anthu akuphikira mapesi ndi zitsononkho."

Yankho la m'buku ndinali nalo. Mtengo wakufa ndi chakudya cha chiswe, chiswe chimabwezera chonde m'nthaka, m'mphako mwake mumagona abuluzi ndi mbalame, ndipo ukalola mtolo umodzi mawa pabwera ngolo. Ndinanena zimenezi, ndipo ndimazikhulupirira. Koma polankhula ndinkamva kupepuka kwa mawu anga pamaso pa mayi amene wasenza nkhuni pamutu kuyambira ali ndi zaka za mzime wangayu, ndipo chaka chilichonse mtunda wokatola ukutalikirabe. Funso lawo silinali la umbuli. Mpanda uliwonse wosunga nyama uli ndi anthu kunja kwake amene akufuna kuphika madzulo ano, ndipo amene amakonda malo oterewa asamaiwale zimenezo.

Ndinawafunsa kuti thengo la kwathu linatha bwanji. Sanaloze munthu chala. Anati linapita pang'onopang'ono: minda ya thonje, ana atakula n'kufuna pawo polima, mauvuni a njerwa pamene aliyense anafuna nyumba ya malata, kenako makala. Anawerenga pa zala mitengo imene yatsala m'mudzi: mango, chifukwa amadyedwa, malambe, chifukwa thunthu lake ndi lofewa, silipereka nkhuni kapena makala, ndi misangu itatu ya m'munda mwawo, imene anakaniza aliyense kudula. Msangu ndi mtengo wochita zosiyana ndi inzake. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga chimanga ku dzuwa, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Chilimwe ndi pamene umabiriwira, mbuzi n'kumadya nyemba zake. "Pansi pa msangu sindithira feteleza wambiri," anatero, "koma chimanga chake ukachione."

Kenako anandifunsa, osati mondizenga mlandu, kuti thumba la makala limatha masiku angati kunyumba kwanga. Ndinawauza kuti milungu itatu. Anangogwedeza mutu.

Apa ndiye pali chilonda changa. M'dziko muno mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ambiri a makalawo timagula ndi ife a m'tauni. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, komabe aliyense woyenda pa msewu wa M14 wopita ku Lilongwe amawaona matumba ali ndandanda, ndi njinga zolemedwa zikutsetsereka m'bandakucha. Ndikamagula ndimasankha makala olemera, olira ngwee ukawagogoda, chifukwa sathera msanga. Makala otero amachokera ku mitengo yachilengedwe yolimba, yonga yomweyi amayi ankaisisita. Mbaula imene ndinkakupiza tsiku limene mwana anandionetsa mbidzi yake inkadya mombo wa kwinakwake. Mnyamata wootcha makala sindingamunyoze, poti amene amamutuma ndi ndalama yanga. Kuchokera tsiku limenelo ndinagula chitetezo mbaula, nyemba ndimaziviika usiku kuti zisadye moto wambiri, ndipo ndikusunga ndalama ya silinda ya gasi. Ndikudziwa kuti n'zochepa. Thumba tsopano likutha mwezi ndi sabata.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, mwera utaleka, kutentha kwa ku Salima kutayamba kudzionetsa. Mzime anatopa, bambo ake n'kumunyamula pamapewa, ndipo ali pamwambapo ndi amene anaona kamba akudutsa kanjira. Anafuna kutsika kuti amufunse ngati ndi yemwe uja anapambana kalulu pa mpikisano. Amayi anayambitsa nthano pomwepo tikuyenda, "Padangotero," ana n'kuvomera, "Tili tonse," ngakhale kwathu amati nthano masana siinenedwa. Madzi anatithera titatsala pang'ono kufika, choncho amene mukufuna kupita ndi ana tengani ochuluka kuposa amene mukuganiza, ndipo lowani m'mamawa, makamaka ikafika Okutobala. Ana avale nsapato zotseka ndi zipewa, zovala zisakhale zowala kwambiri. Mukafika kunyumba muwayang'ane m'miyendo ndi m'khwapa ngati mwakakamira nkhupakupa. Mnyamata wanga tinamupeza nayo imodzi kuseri kwa bondo. Koma choposa zonsezi, ngati kwanu kuli agogo amene akutha kuyenda, musawasiye pakhomo. Mapu akuuzani pokhota, koma sangakuuzeni kuti phazi ili ndi la bulu wosakhala bulu.

Madzulo ake mzime anawerenga mayina a m'kope mwake. Analipo 13, kuphatikizapo mpata uja wa tinyanga tiwiri. Sukulu zitatsegulidwa ndinabwereka kopelo n'kupita nalo ku kalasi langa. Mwa ana opitirira 80, amene anadziwa chitimbe anali owerengeka, ndipo onse anali ochokera kumidzi ya kunja kwa tauni, ana amene nthawi zambiri amakhala chete kumbuyo chifukwa Chingerezi chimawavuta. Tsiku limenelo manja awo ndi amene anali m'mwamba. Ndinawapatsa ntchito yoti aliyense akafunse wamkulu wa kwawo mayina asanu a mitengo ndi ntchito zake, ndipo tayamba kukonzekera kufesa misangu kuti tidzabzale nyengo yobzala mitengo ikadzatsegulidwa mu Disembala. Nthanga zake alonjeza kutitumizira ndi amayi.

Iwo anabwerera kwa Khombedza patatha masiku awiri chichokereni ku Kuti, nkhani ya mbuzi itawakulira. Pokwera minibasi anali asanalikumbukirebe dzina lija, ndipo ndinaona kuti likuwadya. Panapita sabata ndi theka. Lachitatu lina, kusanache bwino, ndisanayatse n'komwe moto, foni inalira. Mtima unagunda, poti foni ya kumudzi ya nthawi imeneyo kawirikawiri imakhala ya uthenga wa maliro. Anali amayi, pa foni ya mdzukulu wawo wina.

Sanapereke ndi moni womwe. Anati anayenda mpaka kutsidya kwa dambo kukafunsa mnzawo amene anavinidwa naye limodzi, ndipo awiriwo anakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka akutchula mitengo ya kale umodzi umodzi, mpaka linatulukira.

"Ndi thombozi," anatero. "Kamudzutse mnzangayo alembe, ndisadaiwalenso."